Konami idataya PES, kapena idangosintha kasitomala?

Amene muli ndi mashopu a magemu mukulidziwa bwino dzina la PES. Anyamata amalipira kuti amenye gemu imodzi, wogonja n'kudzuka pampando, ndalama n'kumalowa. Koma eni ake a gemuyi, kampani ya Konami ya ku Japan, adasiya kutulutsa PES yatsopano. Yomaliza idali PES 2021, pamene dzinali lidayamba mu 2001.

M'malo mwake, pa 30 September 2021, adabweretsa eFootball 2022. Idatuluka yosapsa. Nkhope za osewera zidali zopindika, matimu oti munthu asankhe adali asanu ndi anayi okha, ndipo Master League, gawo lomwe anthu ankamangamo timu yawoyawo, idalibemo. Madandaulo atachuluka, kampaniyo idapepesa. Izi zisanachitike, mu 2018, idali itataya kale laisensi ya UEFA Champions League, yomwe idapita kwa opikisana nawo a EA.

Ndiye ambiri amati mabwana a Konami adanyanyala gemu yomwe idawatchukitsa. Ine ndikuona mosiyana pang'ono. Gemuyo sadaitaye, adataya kasitomala wakale. Kale munkagula disiki kamodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero eFootball ndi yaulere, imachita kukoperedwa pa intaneti, ndipo phindu limachokera kwa anthu ogula makoini kuti apeze osewera otchuka. Anthu osewera pa foni ndi ochuluka zedi, choncho mwabizinesi nzeruyo ikumveka.

Komabe pali pomwe adalakwa. Adachotsa katundu wodziwika pashelefu watsopano asanakonzeke. Zili ngati mayi wa mandasi kusintha ufa, osalawa n'komwe, n'kupita nawo kumsika. Wogula wa tsiku ndi tsiku ndiye amayamba kuzindikira, ndipo akachoka sachita kutsanzika.

Kwa inu a mashopu a magemu, nkhaniyi ikukhudza thumba. Gemu yodalira intaneti imadya bandulo, pomwe ya pa disiki imangofuna magetsi. Musanagule makina ena, werengerani kaye kuti pa ola limodzi mulowetsa zingati mukachotsa bandulo ndi magetsi. Afunseninso makasitomala anu chomwe akufuna kusewera, kaya ndi PES yakale kapena EA Sports FC, dzina lomwe magemu a FIFA adatenga mu 2023. Madisiki ndi makina a PES omwe muli nawo asamaleni, chifukwa atsopano a dzina limeneli sakupangidwanso.

Kwa ena nonse, kaya mumagulitsa tomato kapena kaunjika, musamange bizinesi pa katundu wa kampani imodzi. Chakudza sichiimba ng'oma: amene amakuodetsani akhoza kusintha maganizo mawa osakuuzani. Ndipo inuyo mukafuna kusintha katundu, muziyamba mwafunsa uja amagula kwa inu tsiku lililonse.