Njanji ili ku Chipoka, siteshoni ili ku Limbe, nanga sitima ili kuti?

Abale anga a m'mbali mwa nyanja, ndi inu a m'tauni amene mumadya usipa wathu, werengani mpaka kumapeto musanayankhe.

Mzinda wa Blantyre uli ndi masiteshoni awiri a sitima ya pamtunda: ina pafupi ndi depoti ya mabasi ya Wenela, ina ku Limbe komwe kunali likulu la Malawi Railways. Funsani mwana wa ku Ndirande kuti siteshoni ya Blantyre ili pati, akulozerani ku mabasi. Si kulakwa kwake. Pitani pa siteshonipo mukafunse tikiti ya ku Salima kapena ya ku Lilongwe, akuyang'anani ngati mwasenza bwato pamutu. Sitima ya anthu imene yatsala ndi yolowera ku Balaka ndi ku Nayuchi, nayonso si ya tsiku ndi tsiku. Mzinda wa malonda wa dziko lino, koma munthu sungakwere sitima kupita ku likulu la dziko lako lomwe. Zoona?

Njanjitu ilipo, amwene. Inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, Nsanje ya lero. Mu 1935 inapitirira mpaka ku Salima, kudutsa Balaka, Sharpevale, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka. Mu 1970 anatsegula ya ku Nkaya kupita ku Nayuchi yolumikiza doko la Nacala. Nthawi ya Kamuzu yomweyo inafika ku Lilongwe ndi ku Mchinji, ndipo mu 2010 inawolokera ku Chipata. Zitsulo zonsezo zinayalidwa ndi manja a agogo athu ndi atate athu.

Ife a kunyanja chimatiwawa kwambiri ndi Chipoka. Pamenepo njanji imafika pamadzi penipeni. Atsamunda, ngakhale anali ndi dyera lawo, anadziwa kuti sitima ya pamtunda iyenera kukumana ndi ya pamadzi. Kampani imodzi yomweyo, Malawi Railways, inkayendetsanso sitima za panyanja. Munthu wa ku Likoma kapena ku Nkhata Bay ankatsika Ilala pa Chipoka, n'kukwera sitima mpaka ku Limbe, mtanga wake wa nsomba uli pambali.

Lero nsomba imayenda bwanji? Alovi achezera usiku wonse ndi chilimira, amayi aanika usipa pathandala, kenako dengu likwere kabaza, lichoke pa kabaza likwere matola, lichoke pa matola lisanjikidwe pa lole kapena kumbuyo kwa minibasi. Paliponse ulipire, ndipo mtengo wa dengu amatchula kondakitala malinga ndi nkhope yako. Usipa wouma ukafika ku msika wa Limbe, wina wasanduka fumbi chifukwa chopsinjika. Chambo chachiwisi chimadalira ayisi, ndiye galimoto ikangofa panjira kapena ikaima pa mzere wa mafuta, mpamba wonse wanunkha. Inu a m'tauni mumati asodzi takweza nsomba. Ndalama yanu yambiri imathera pa msewu, kwa ife imafika yotsala.

Mu 1999 boma linapereka njanji kwa kampani ya Central East African Railways. Kenako kampani ya ku Brazil ya Vale inamanga njanji yatsopano kuchokera ku Moatize, kudutsa Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya. Kumeneko sitima zimayenda usana ndi usiku, mabogi ndondondo mpaka kutopa kuwerenga, onse odzaza malasha opita ku Nacala. Malasha a ku Mozambique ali ndi njira yosalala m'dziko mwathu. Mayi wa ku Mtakataka wa madengu atatu alibe. Chakummwera nako, njanji inaduka ku Chiromo ndi madzi osefukira mu 1997, ndipo ana obadwa chaka chimenecho pano ali ndi ana awo.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe: eti sitima ya anthu sipindulitsa, kampani singayendetse chinthu choluza. Chabwino. Nanga msewu wa M5 umapindulitsa ndani? Boma limaukonza ndi misonkho yathu, malole olemera n'kuukumbanso, mvula ikabwera milatho n'kupita, ndipo palibe nduna inanenapo kuti msewu utsekedwe poti subweretsa phindu. Kampani imayang'ana thumba lake, ndi mmene makampani alili. Woyenera kuyang'ana thumba lathu ndi boma limene linasaina mgwirizano. Njanji ndi ya Amalawi, kampani inangobwereka. Mwini bwato akabwereketsa bwato amanena yekha gawo lake la nsomba.

Enanso muti tidekhe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tadekha kuyambira 1999. Mu 2024 sitima ya mafuta itafika ku Lilongwe kuchokera ku Nacala, akuluakulu anapita kukailandira ndi chimwemwe. Sitimayo inadzera kuti? Pa Balaka, pa Chipoka, pa Salima. Ngati njanjiyo yanyamula matanki a mafuta, ingalephere kunyamula anthu ndi usipa?

Sitikupempha sitima zothamanga ngati za ku China. Tikupempha zinthu zitatu basi. Sitima ya anthu yochoka ku Limbe kupita ku Salima ndi ku Lilongwe, pa masiku odziwika, nthawi yake yolembedwa pakhoma la siteshoni. Bogi imodzi ya katundu wa amalonda ang'onoang'ono, mtengo wake wa pa sikelo, osati wa pa nkhope. Ndiponso tsiku la sitimayo ligwirizane ndi la sitima ya panyanja pa Chipoka, monga zinalili kale.

Aphungu a ku Salima, Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Blantyre, njanji imeneyi imadutsa m'madera mwanu. Mukaimirira m'Nyumba ya Malamulo, funsani nduna ya zamtengatenga kuti mgwirizano wa njanji umanena chiyani za sitima ya anthu, auwerenge poyera tonse timve. Ndipo inu anzanga, phungu akabwera kudoko ndi zitenje ndi mipira, landirani, koma mumufunse kuti sitima ya ku Limbe ifika liti pa Chipoka. Akayamba za chitukuko chili m'njira, mufunseninso.

Tumizani uthengawu ku magulu onse a asodzi, a geni ya nsomba ndi a mipingo. Mutu umodzi susenza denga.

Ndine mwana wa msodzi.