Chizungulire Chonse Si Kuchepa kwa Magazi

M'magulu a WhatsApp, m'minibasi ndi m'misika mwafala mawu akuti munthu akamva chizungulire ndiye kuti magazi amuthera, ndipo mankhwala ake ndi madzi a chidede kapena a masamba a mapeyala. Mawuwa tikuwatsutsa chifukwa akuchedwetsa odwala kupita kuchipatala.

N'zoona kuti wochepa magazi amachita chidima akadzuka mofulumira, amafooka, ndipo zikhatho zake zimayera. Koma pali chizungulire china. Munthu ali chigonere pamphasa, koma akuona denga ndi makoma zikuzungulira. Akatembenuza mutu amasanza, akaimirira amadzandira kugwera mbali imodzi, ndipo maso ake amagwedezeka okha. Chotere nthawi zambiri chimachokera m'khutu, monga anasonyezera dokotala wa ku Paris, Prosper Ménière, mu 1861.

Mkatikati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi. Mutu ukasuntha, madziwo amasunthanso, ndipo mtsempha umapereka uthengawo ku ubongo. Mtsemphawu ukatupa, kawirikawiri chifukwa cha mavairasi munthu atangodwala chimfine, khutu limodzi limasiya kutumiza uthenga pamene linzake likutumizabe. Ubongo umangoti mutu ukuzungulira. Madokotala amatcha vutoli vestibular neuritis, ndipo kutupako kukakhudzanso kumva, khutu n'kumalira, amati labyrinthitis. Magazi a wodwalayo akhoza kukhala okwanira bwinobwino. Chidede chikakonza chiyani pamenepo?

Masiku awiri kapena atatu oyamba ndiwo owawa. Adokotala amapereka mankhwala oletsa nseru ndi chizungulire, monga prochlorperazine, kwa masiku ochepa okha, chifukwa kuwamwa nthawi yaitali kumachedwetsa ubongo kuzolowera. Maantibayotiki ogula pagolosale sapha mavairasi. Kusanza kukaleka, wodwala adzuke, aziyenda pang'onopang'ono wina atamugwira mkono, azitembenuza mutu maso ali pa chinthu chimodzi. Masewera amenewa ndiwo amaphunzitsa ubongo kudalira khutu labwinolo, ndipo ambiri amachira pakapita milungu ingapo. Kumugoneka mwezi wathunthu, ati mpaka magazi abwerere, n'kumutalikitsira matenda.

Choopsa kwambiri pa mphekeserayi n'chakuti sitiroko nayo imatha kuyamba ndi chizungulire. Ngati pakamwa papindika, mawu sakumveka bwino, mkono wafooka, zinthu zikuoneka ziwiriziwiri, mutu ukuwawa koopsa kapena munthu akulephereratu kuima, musayambe kuthyola masamba. Thamangani naye kuchipatala, makamaka akakhala wachikulire kapena wa BP ndi shuga. Chimodzimodzinso khutu likagontha mwadzidzidzi kapena likamatuluka mafinya.

Kuchepa kwa magazi sikudziwika poganizira: kumayezedwa ndi kadontho ka magazi a pachala. Amene akutumizira anzake uthenga wa chidede ayambe wafunsa ngati wodwalayo anayezedwa.