Kwa a Meya a Harare: Njira za pa Africa Unity Square Musazifafanize

Olemekezeka a Meya,

Chisamukireni Nyumba ya Malamulo ya Zimbabwe kupita ku Mount Hampden, bwalo la Africa Unity Square latsala lopanda mnansi amene ankachititsa kuti akuluakulu azidutsapo. Malo akafika potere, sipachedwa kutulukira wina ndi mapulani oti awakonze mwamakono. Pempho langa ndi lakuti khonsolo yanu iteteze kayalidwe ka bwaloli, makamaka njira zake, ndipo iikemo zikwangwani zofotokoza mbiri yake.

Pa 13 September 1890, gulu la Pioneer Column lomwe adatuma Cecil Rhodes lidakweza mbendera ya Britain pamalo amenewa, ndipo mzinda udayambira pomwepo. Dzina lakale la Cecil Square ambiri amaliyesa la Rhodes, chonsecho linkalemekeza Robert Cecil, Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain nthawiyo. Okonza bwaloli adayala njira zake motsanzira mbendera ya Union Jack: zina zowongoka, zina zochokera m'makona, zonse n'kukumana pakati pomwe pali kasupe. Wodutsa pansi pa mitengo ya jakaranda, kapena wogula maluwa m'mbali mwake, sangazindikire msanga. Woyang'ana pazenera la m'mwamba pa hotela ya Meikles ndiye amaiona mbendera yonse ili gone pansi. Onaninso zimene zidazinga bwaloli. Tchalitchi chachikulu cha Anglican adachijambula Herbert Baker, yemwenso adajambula Union Buildings ku Pretoria, ndipo adayamba kuchimanga mu 1913. Pafupi nacho pali Nyumba ya Malamulo yakale, tsidya lina hotela ya Meikles ija, yomwe idatsegulidwa mu 1915. Mpingo, boma ndi chuma adaziika moyang'anizana, ndipo mwana wa sukulu atha kuona mmene atsamunda ankalamulira pongozungulira kamodzi.

Ena adzati dziko lomwe lidalandira ufulu mu 1980 lisasunge mbendera ya wolilanda pakati pa likulu lake. Mawuwa ndi omveka, poti nkhondo ya ufuluyo idatha anthu ambiri. Komatu mbendera iyi siili pamtengo. Anthu wamba amaiponda mmawa ndi madzulo popita ndi pochokera kuntchito. Mukaifafaniza, zimene zidachitika mu 1890 sizisintha, chomwe chingatayike ndi umboni woloza ndi chala. Komanso bwaloli lidasiya kalekale kukhala la atsamunda okha. Mu 2014 Itai Dzamara adalisankha pochita zionetsero zofuna kuti Robert Mugabe atule pansi udindo. Pa 9 March 2015 adagwidwa ndi anthu osadziwika, ndipo sanaonekenso. Iyinso ndi mbiri ya pamalopo, ngakhale ena m'boma sangakonde kuiwerenga pachikwangwani.

Enanso adzati mzinda umene ukuvutika ndi madzi ndi zinyalala ulibe ndalama zoonongera zakale. Kusiya njira mmene zilili sikufuna ndalama, kugumula ndiye kumadya thumba. Zikwangwanizo ndi zotsika mtengo, ndipo zilembedwe m'Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Muikeponso Chichewa, chomwe malamulo aakulu a 2013 adachiika pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, popeza ana ndi adzukulu a anthu ochokera ku Nyasaland odzagwira ntchito mu Salisbury, Harare wa lero, akadali mumzinda wanu.

Ine wanu,
Wokonda mzinda wa Harare