Mapulogalamu Akuba a Kompyuta: Wolira ndi Wogula

Mphunzitsi kapena kalaliki wa kopaletivu wocokera ku Petauke akatsika basi mu Lusaka, kawirikawiri amayamba wafika pa City Market, mu mseu wa Lumumba, kukafuna katundu wotsika mtengo. Kwa zaka zambiri, pamisika yotere pankapezeka ma CD okopedwa mwakuba a nyimbo, mafilimu ndi mapulogalamu oyendetsa kompyuta.

Lero malondawa afika pa intaneti. Munthu amalengeza pa Facebook kapena WhatsApp kuti ali ndi Windows ndi Office pa mtengo wa nkhuku imodzi. Mukamtumizira ndalama pa lamya, iye amakutumizirani manambala otsegulira pulogalamuyo.

Apa milandu ndi iwiri. Woyamba ndi wokopa nchito ya mwini popanda cilolezo, cinthu cimene lamulo la Zambia la 1994 limaletsa, ndipo limachula mapulogalamu a kompyuta. Waciwiri ndi wogulitsa cinthu conyenga m'dzina ndi cizindikiro ca kampani monga Microsoft. Zizindikiro zotere zimalembetsedwa ku bungwe la PACRA, ndipo Nyumba ya Malamulo inakonza lamulo latsopano lozitetezera mu 2023.

Bvutoli si laling'ono. Kafukufuku wa bungwe la BSA wa caka ca 2011 anapeza kuti mwa mapulogalamu 10 alionse a m'makompyuta a m'dziko lino, pafupifupi 8 anali opanda cilolezo. Mu 2013 Boma linayamba kumata kacizindikiro konyezimira, ka hologram, pa ma CD ndi ma DVD enieni. Koma kodi mungamate ciani pa manambala obwera pa lamya? Apolisi angalande katundu wa pa thebulo. Wogulitsa wa pa intaneti amangosintha nambala yace.

Cotero mlonda woyamba ndi wogula mwini. Pulogalamu yakuba ingatsekedwe ndi eni ace tsiku lililonse, ndipo kawirikawiri imabwera ndi mavairasi akuba manambala acinsinsi. Zotsatira za mayeso a ana kapena kaundula wa alimi olandira feteleza zikatayika, wokadandaulira palibe. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pogula kompyuta, funsani lisiti ndi umboni wa cilolezo. Ngati ndalama zacepa, alipo mapulogalamu aulere ololedwa ndi lamulo, monga LibreOffice ndi Ubuntu, amene amalemba makalata ndi kuwerengera ndalama bwino lomwe.