Lekani kubisa amayi athu m'madelesi akuda

Mu Okutobala chaka chatha a Anti anga, alongo awo a atate, anaitanidwa ku lanchi pa hotela ina m'tauni muno mu Lusaka. Iwo ndiwo amasunga buku la gulu la azimayi ogulitsa kapenta ndi nyemba pamsika wa m'komboni mwathu, ndipo anthu ena ofuna kubwereketsa gululo ndalama anafuna kuonana ndi atsogoleri ake. Kalata inati Lachisanu, 13 koloko, ndipo pansi pake panali mawu awiri achizungu onena kuti munthu abwere atatchena. Mawu awiriwo anatsala pang'ono kuwatsekera m'nyumba.

A Anti ali ndi zaka 52, ndipo ndi mayi wathupi, wa chifuwa chachikulu ndi mikono yodzaza. Amawerengera phindu la thumba la kapenta wa ku Siavonga m'mutu ine ndisanatsegule n'komwe foni. Koma kutatsala masiku 10 anandiimbira madzulo nati, "Mwana wanga, ukawauze anthu aja kuti ndadwala. Apite mlembi wathu. Uja ndi wochepa thupi, chilichonse chimamukhala."

Loweruka lake ine ndi msuweni wanga, mwana wawo wamkazi, tinawatenga kukazungulira m'mashopu. Pa shopu yoyamba madelesi okongola onse anathera pa saizi 16. Pa yachiwiri mtsikana wogulitsa anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nawalozera kukona komwe kunapachikidwa zovala zinayi chabe. Ife awiri tinasankha delesi yakuda yaitali, yopanda chiuno, yotambalala ngati tenti, tikuuzana kuti chakuda chimachepetsa thupi. A Anti anaivala, nayima pagalasi kanthawi, kenako anafunsa, "Manje maliro ndi a ndani?"

Tinaseka, koma ine manyazi anandigwira. Ndi manyazi amenewo amene andilembetsa nkhaniyi, chifukwa ndikudziwa kuti si ine ndekha. Masiku ano ife achinyamata ndife timaveka amayi athu. Ife ndife tili ndi TikTok ndi Instagram, ife ndife timafunsidwa kuti "kodi ichi chandikhala?" tsiku la graduation, la kitchen party kapena lokadya ndi apongozi. Ndipo ambiri a ife, mayi akakhala wonenepa, timadziwa njira ziwiri zokha: kumubisa m'nsalu yambiri yakuda, kapena kumufinya ndi lamba wa pamimba mpaka alephere kupuma. Njira zonsezi zimayambira pa ganizo limodzi, loti thupi lake ndi cholakwa chofunika kupepesa. Ine ndikuti cholakwa chili pa chovala chomwe sichinadulidwe pa thupi lakelo, ndiponso pa maso athu ife anawo.

Kumbukirani kuti mayi wazaka za m'ma 50 anakulira m'dziko lina. Pa nthawi yake, kuuza munthu kuti "mwanenepa!" kunali kumuyamikira, kunena kuti akusungidwa bwino. M'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatenga anthu mlungu ndi mlungu m'makomboni, kuonda ndiko kunkachititsa anthu kunong'onezana. Mayi yemweyo lero akuuzidwa ndi ana ake kuti amwe tiyi wochepetsa thupi asanaonekere pa chithunzi. Thupi ndi lomwe lija, linabala ana, linanyamula mitolo pa Soweto, koma tsopano lasanduka chinthu chobisa. N'zoseketsa kuti ife tomwe timaombera m'manja agogo Margret Chola, aja otchuka pa Instagram ndi dzina la Legendary Glamma, amene mdzukulu wawo Diana Kaumba amawaveka mitundu yowala ndi magalasi aakulu. Agogo a eni tikuti aoneke, amayi athu tikuti azimiririke.

Tiyambe ndi nambala ya pa kolala, chifukwa ndi imene imavulaza mitima kwambiri. Nambala ija si muyeso wa munthu. Chovala chimene ku Britain amachilemba 16, ku America amachilemba 12, ndipo m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi 44. Zovala zambiri za m'mabutiki athu zimachokera ku China, ndipo aliyense amene anayesapo amadziwa kuti XL yakumeneko nthawi zina imakana ngakhale mtsikana wa ku koleji. Ndiye mayi akalowa mu shopu n'kupeza kuti 3XL yamukana, amatuluka akuganiza kuti thupi lake lapitirira malire, pomwe vuto ndi fakitale imene sinamuonepo. Chomwe chimanena zoona ndi tepi ya tela: mapewa, chifuwa, chiuno, matako, kutalika kwa mkono.

Ndiko tinapita Lolemba. Poyamba ku Kamwala, kumene a Anti anasankha okha chitenge cha kotoni chobiriwira modera, cha maluwa achikasu apakatikati. Msuweni wanga anayamba kunena kuti maluwa amanenepetsa, ine ndinamutsina. Kenako kwa tela wa m'komboni mwathu, bambo wachikulire wa makina opalasa ndi mapazi. Zimene ndinaphunzira pa benchi yake masana amenewo zimaposa zonse zimene ndinaonapo pa foni.

Choyamba anawabweza a Anti kuti akavale bra imene adzavale tsiku la lanchi, asanawayeze. Ambiri sitiganizako, koma azimayi ochuluka amakhala zaka ndi zaka ndi bra imodzi yotha mphamvu, ndipo chifuwa chikatsika chiuno chimasowa, delesi iliyonse imaoneka ngati thumba. Bra yogwira bwino, ya lamba wotambalala wosakwera kumsana, imasintha maonekedwe a chovala kuposa mtengo wa nsalu. Ngati ndalama zili zochepa, yambirani pamenepo.

Chachiwiri, anati chovala chimapachikika pamapewa. Msoko wa phewa ukagwera pamkono, munthu amaoneka ngati wabwereka cha mwini wake; ukakhala pamalo pake, zina zonse zimatsatira. Apa m'pamene tenti yathu yakuda inalakwira: kuti ikwane pachifuwa tinatenga yaikulu paliponse, ndipo a Anti anaoneka aakulu kuposa mmene alili. Telayo anapanga khosi la V losatsika kwambiri, anaika tizipinda tosokera pansi pa chifuwa kuti nsalu itsatire thupi, anakweza chiuno pang'ono kufika pamene thupi lawo ndi lopapatiza, ndipo kuchokera pamenepo siketi inatsika momasuka mpaka kupitirira bondo pang'ono. Manja anawafikitsa pansi pa chigongono, ndi mpata wokwanira kuti munthu atambasule mkono kutenga mchere patebulo popanda kumva msoko ukulira. Chitengecho anachichapa kaye asanachidule, chifukwa kotoni imafupika ikalawa madzi koyamba, ndipo sitachi ikachoka nsalu imagwa bwino pathupi m'malo moima ngati katoni.

Chachitatu ndi chimene ndinakonda koposa. Lachitatu, poyesa, anakoka mpando nati, "Amai, khalani pansi. Kumeneko simukupita kukaima." Zoonadi, lanchi ndi maola awiri okhala pampando, ukudya, ukuseka, ukuwerama kuti usaine pepala. Chovala chimene chimakongola munthu ataima pagalasi atakoka mimba chingathe kukwera m'ntchafu, kutsegula pakati pa mabatani, kapena kudula m'mimba mbale yachiwiri isanabwere. A Anti atakhala, anaona pamene panakoka, ndipo anamasula pang'ono m'mbali. Ndi chifukwa chake ndimadana ndi malamba ofinya aja pa mwambo wa chakudya. Mayi amene akulimbana ndi mpweya sangatsutsane ndi munthu wa ngongole pa nkhani ya chiwongola dzanja.

Nyengo nayo muiganizire. Okutobala wa mu Lusaka amapitirira madigiri 30, ndipo munthu wochokera m'komboni amayamba wakwera minibasi, anthu anayi pampando, asanafike pamalo pozizira. Poliyesitala yonyezimira ija imasunga thukuta ndipo imaonetsa chilichonse. Kotoni ndi linen zimapuma. Kabudula wopyapyala wamkati amateteza ntchafu kuti zisatupsane poyenda, ndipo palibe chochititsa manyazi pomugula. Mu Juni ndi Julayi nkhani imatembenuka, pafunika jekete, ndipo apa salaula ndi bwenzi. Mabelo ochokera ku Ulaya ndi ku America amakhala ndi masaizi aakulu amene m'mashopu mulibe, nthawi zina a nsalu yabwino kwambiri. Sankhani jekete yokwana pamapewa ndi pachifuwa, zotsalazo tela adzachepetsa. Kuchepetsa chovala n'kosavuta, kukulitsa ndiko kumavuta.

Za nsapato sindichulutsa. Chidendene chachifupi chotambalala, chimene angayende nacho kuchokera pa siteshoni kudumpha ngalande. Zosongoka zija zisiyireni amene amatsikira pakhomo pa hotela.

Ndikudziwa zimene ena anena, chifukwa nkhaniyi nditaikhudza pa pulogalamu yathu ya pawailesi mnyamata wina anaimba foni n'kunena kuti tikulimbikitsa kunenepa, pomwe BP ndi shuga zikutha anthu. Matendawo ndi enieni, ndipo a Anti amapita kukayezetsa BP ku kiliniki monga aliyense wa msinkhu wawo ayenera kuchitira. Koma imeneyo ndi nkhani ya iwo ndi anesi. Lanchi inali Lachisanu. Kodi akhale m'nyumba mpaka atachotsa makilo 20, gulu lawo likaimiridwe ndi munthu amene sadziwa zimene zili m'buku? Sindinaonepo munthu amene anachira BP chifukwa chovala delesi yosamukhala. Ndaona ambiri amene analeka kupita kumisonkhano, kutchalitchi ngakhale ku maukwati a ana a abale awo chifukwa cha ndemanga za pagalasi. Ndipo onani bwino: mdala wa mimba yaikulu amavala suti, mabatani akulira, n'kukakhala kutsogolo, anthu n'kumati "abwana". Palibe amene amamuuza kuti ayambe waonda.

Ena adzati matela amakhumudwitsa, ndipo apa sinditsutsa. Tonse tinamvapo "bwerani mailo" mpaka tsiku la mwambo litadutsa, ndipo masiku a kuzima kwa malaiti tela wa makina amagetsi amakhala ndi chifukwa chokonzeka kale. Ife tinapulumuka chifukwa wathu amapalasa ndi mapazi ndipo amasita ndi simbi yamakala. Mpatseni milungu iwiri, mumuuze tsiku loyambirira kuposa lenileni, ndipo musalole kutenga chovala osachiyesa kamodzi chisanathe. Funsaninso kuti muone zimene anasokera azimayi ena athupi, chifukwa si tela aliyense amene amadziwa kudula pa chifuwa chachikulu. Ena amangokulitsa sitayilo ya mtsikana wazaka 20, n'kuika peplum yothera pamalo otambalala kwambiri ndi manja otukumuka ngati mabaluni.

Sindikunenanso kuti mayi aliyense wonenepa avale chitenge. Pali amene amamva bwino mu buluku yowongoka ndi bulauzi yofewa, pali okonda delesi yokulunga yomanga pambali, ndipo pali amene amakondadi chakuda. Ngati wachisankha yekha, avale. Koma tileke kuganiza kuti chitenge n'cha kumsika ndi kumaliro chabe, ndipo kuti "kutchena" ndi chovala cha m'shopu ya ku Manda Hill. Amai Inonge Wina, mzimayi woyamba kukhala wachiwiri kwa pulezidenti m'dziko lino kuyambira 2015 mpaka 2021, ankaoneka kawirikawiri m'zovala za chitenge pa ntchito za boma. Ngozi Okonjo-Iweala wa ku Nigeria wakhala akutsogolera bungwe la zamalonda la WTO ku Geneva kuyambira 2021 atavala nsalu zamaluwa ndi chitambala kumutu. Ngati nsalu yotere imalowa m'zipinda zimenezo, pa hotela ya mu Lusaka singakanidwe.

Ntchito yathu ife ana ndi yochepa kuposa mmene timaganizira. Kuperekeza, kunyamula chikwama, kulipirako tela ngati mwezi walola, ndi kutseka pakamwa pamene mawu akuti "chikubisani mimba" afika palilime. Funso labwino ndi lakuti, "Mukumva bwanji m'menemo? Mutha kukhala? Mutha kudya?"

Lachisanu lija ndinawaperekeza mpaka pageti. Anavala delesi yawo yobiriwira, ndolo zazing'ono zagolide, nsapato zofiirira za chidendene chachifupi, buku la gulu lili m'chikwama. Chitambala anachisiya, anati kukutentha. Ndinawadikira pa kashopu ka tsidya lina la msewu mpaka cha m'ma 15 koloko. Atatuluka ndinathamangira kuwafunsa kuti anthu anati chiyani za delesi. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopanda pake, nati za delesi palibe amene ananena kanthu, koma anthu aja amafuna kuti gulu liziyamba kubweza ngongole pakatha mwezi umodzi, ndipo iwo anakana, anawaonetsa m'buku kuti malonda a kapenta sayenda motero. Anawonjezera kuti nsomba ya pa hotelapo inali yochepa mchere, ndipo tithamange minibasi isanadzaze.