Makina Alibe Ubwana

Mphunzitsi aliyense amene anatsalirapo yekha pa sukulu nthaŵi ya tchuthi akudziŵa mantha amene tikufuna kukamba lero. Madesiki ali m'malo mwake, zolemba za tsiku lotsekera zikadali pa bolodi, koma ana kulibe, ndipo mgugu wa mapazi ako omwe ukumveka ngati wa mlendo. Palibe fisi, palibe mfiti. Choopsa ndi malo amene anazoloŵera phokoso la anthu kungoti zii. Mantha otereŵa ndiwo abala mtundu watsopano wa mafilimu oopsa ku America ndi ku Canada.

M'chaka cha 2019 pa intaneti panafala chithunzi cha zipinda zachikasu zopanda kanthu, zimene anthu anazitcha Backrooms. Mu Januwale 2022 mnyamata wa zaka 16, Kane Parsons, anatulutsa pa YouTube kafilimu ka munthu wosochera m'zipinda zimenezi, zomwe anazimanga yekha pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya Blender. Pofika 2023, kampani ya A24 inalengeza kuti mnyamatayo adzatsogolera filimu yaikulu ya nkhani yomweyo. Nayenso Kyle Edward Ball anajambula filimu ya Skinamarink m'nyumba imene anakuliramo ku Edmonton. Nkhani yake ndi ya ana aŵiri amene adzuka usiku napeza bambo wao kulibe, zitseko ndi mazenera zitazimirira. Anawonongera madola pafupifupi 15,000, koma filimuyo inabweretsa oposa 2 miliyoni.

Tsono m'zaka zomwezi mwatulukira makina a nzeru zochita kupanga, otchedwa AI, amene ukangowalembera maŵu pang'ono amakujambulira chithunzi, ngakhale kanema amene. Mu 2023 olemba mafilimu ku Hollywood ananyanyala ntchito masiku 148, ndipo ochita maseŵero masiku 118. Chimodzi mwa zifukwa zao chinali kuopa kuti makinaŵa awalanda nsima pakamwa. Mu 2024 anthu ambiri anadzudzula eni filimu ya Late Night with the Devil chifukwa cha zithunzi zitatu chabe zopangidwa ndi makina otere.

Maganizo athu ndi aŵa. Makina angathe kulavula zipinda zikwizikwi m'kanthaŵi kochepa, koma zonsezo amachita kutola m'zithunzi zimene anthu ena anajambula kale. Iwo sanagonepo mumdima akumvetsera ngati bambo abwera. Ball anatiopseza chifukwa anakumbuka ubwana wake. Parsons anagwiritsa kompyuta monga mmisiri agwiritsira sowo ndi mpini, khoma lililonse akuliika ndi maganizo ake. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: chithunzi chosalala chopanda chikumbukiro cha munthu chimakoma m'maso, koma sichifika mumtima.

Inu amene mwangotsiriza sukulu, musathaŵe zida zatsopanozi, pakuti woziphunzira ndiye adzapeze ntchito. Koma musazipatse maso anu kuti zikuonereni. Ndipo ife aphunzitsi, tisanakondwere ndi chimangirizo chokongola chimene mwana watibweretsera, timufunse kuti, "Kodi iwe wekha unaona chiyani?" Akakhala chete, ntchito yathu sitinaigwire.