Wodwala maganizo asamangidwe ndi chingwe

Mu 2019 dziko la Zambia linathetsa lamulo la atsamunda la 1949, lomwe linkatchula odwala maganizo mayina achipongwe. Lamulo latsopano, Mental Health Act, likuti wodwala azifotokozeredwa za mankhwala ake, azisungiridwa chinsinsi, ndipo asazunzidwe.

Koma m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Chadiza, mlimi wosowa tulo, mtima ukuthamanga poganiza za ngongole ya feteleza, amangouzidwa kuti alimbe mtima, ndi mwamuna. Matenda akakula, achibale ena amathamangira chingwe.

Si onse oyenera ulendo wa ku chipatala cha odwala maganizo cha Chainama ku Lusaka, makilomita pafupifupi 500 kapena kuposerapo. Namwino wa pa kiliniki yapafupi, womvetsera modekha, wophunzitsa wodwala kupuma pang'onopang'ono nkhawa ikamugwira, angathandize zinthu zisanafike poipa. Boma liphunzitse anamwino otere ambiri, liwatumize kumidzi.